Mphete ya Nati ndi Mzere Wachikasu

Pakhomo la chipinda cha maginito panali mzere wachikasu wopakidwa pansi, ndipo kwa miyezi khumi ndi umodzi mmisiri wa pachipatalapo anali asanaudumphepo. Ankafika, n'kuima nsonga za nsapato zitatsala pang'ono kuukhudza, n'kutambasula manja. Wa m'katimo ankalandira katundu, iye n'kubwerera. Anamwino anamupatsa dzina loti Apakhomo, ndipo dzinalo linamukakamira ngati chisoso pa buluku.

Lolemba limenelo anabwera atayangata mutu wa pulasitiki ngati khanda. Anaupanga yekha m'shedi yake kuseri kwa chipatala. Unali woonekera m'kati, wodzaza ndi madzi olimba ngati phala lozizira, ndipo kuseri kwa khutu lamanzere anaikamo kampira kakang'ono ngati mtedza. Kampirako kankaimira chotupa.

"Odi," anatero.

"Eee, Apakhomo afika!" anafuula namwino wamkulu, mayi wa mawu ngati belu la sukulu. "Atsikana, yalani mkeka pakhonde, alendo awa m'nyumba salowa. Bambo, mudzalowa liti? Kapena mukudikira khadi la ukwati?"

Mmisiri anapendeketsa mutu, kutchera khutu lamanzere monga mwa chizolowezi chake.

"Ndabweretsa mutu."

"Taona kuti ndi mutu. Ife tikufuna wanuwo."

Mwini wake wa katunduyo anatulukira akupukuta m'manja. Anthu ankamutcha Namaginito. Sanali dokotala wa odwala, anali katswiri wa makinawo: mayi wamtali, wosavala ndolo, wosavala wotchi, tsitsi lomangidwa ndi kansalu chifukwa m'chipindamo ngakhale kaphini sikaloledwa. Kafukufuku wake anali woti maginito azionetsa chotupa pa nthawi yomwe kuwala kowotcha kukulowa m'mutu wa wodwala, kuti kuwalako kumenye chotupa chokha, ubongo wabwino n'kuusiya. Pa mitu ya pulasitiki njirayo inali itatheka. Tsopano pankafunika kujambula mitu khumi ya anthu athanzi pofika Lachisanu, tsiku limene chilolezo cha kafukufukuyo chinkatha. Anali atapeza isanu ndi inayi.

"Wakhumi tinali naye," anatero namwino, akudzikonza tayi wa m'malere. "A Tayi, dokotala wathu wamkulu. Analowa m'mphanga ya makina ojambulirawo ngati msilikali. Mphindi ziwiri zisanakwane, belu ngerengere! 'Ndikumbukira kuti ndili ndi msonkhano.' Msonkhano wa chiyani Loweruka?"

"Sisitala, makoma ali ndi makutu," anatero Namaginito, koma kukamwa kwake kunkanjenjemera ndi kuseka.

Analandira mutu uja. Zala zake zinakhudza za mmisiri, ndipo maso ake anagwera pomwe ankagwera nthawi zonse, pa chala chachinayi cha dzanja lamanzere.

Mpheteyo sinali ya golide. Mmisiri anaisula yekha ndi tupa kuchokera ku nati ya chitsulo, ali mnyamata wokonza njinga wopanda kanthu m'thumba. Anasula ziwiri, yake ndi ya mkazi wake. Mkaziyo anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndi chotupa cha m'mutu. Chala chinanenepa, mfundo inakula, mphete sinkavukanso. Tsiku loyamba Namaginito anaiyandikizira kamaginito kakang'ono ka m'thumba, kamaginitoko n'kumata, kwa! Anati, "Ndi iyi simulowa. Maginito a muno sazima, angakuthyoleni chala." Mmisiri anati, "Chabwino." Ndipo sanalowe.

*

Nthawi ya folo koloko ankamwa tiyi pa benchi ya pansi pa masitepe. Namaginito ankakhala kumanzere kwake. Anazindikira yekha kalekale kuti akakhala kumanja amangolankhula ndi khoma.

"A Tayi akusamukira ku chipatala chachikulu mwezi wamawa," anatero. "Kuli makina atsopano. Akuti ndipite nawo."

"Ku ntchito?"

"Ayambira pa ntchito. Zinazo akuti tikakambirana konko. Ine si mwana, zinazo ndikuzidziwa."

Mmisiri anauzira tiyi wake, ngakhale anali atazirala kale.

"Kalata yosamukira ndiyenera kusaina pofika Lachisanu."

"Makina abwino," anatero iye.

Namaginito anaika kapu pansi pang'onopang'ono, ngati kuti akaiika mwamsanga aiswa.

"Ndimadziwa kuti munena zimenezo. Bambo inu, miyezi isanu ndi itatu tikumwa tiyi pa benchi ino. Munandikonzera mpando. Munandikonzera chitseko cha kunyumba. Mpopi wa kubafa munakonza, shelefu ya mabuku munakhoma. Amayi anga anandifunsa dzana kuti, 'Kodi mmisiri uja akatha kukonza nyumba yonse, azipita?' Ndinasowa poyankha."

"Denga silinathe."

"Musandiseketse, ndakwiya." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndadekha ine, koma nkhono yangayi ngakhale nyanga siitulutsa. Sindikupikisana ndi malemu. Sindinawadziwe, koma ndimawalemekeza. Kungoti sindingathe moyo wanga wonse ndikulandira katundu pakhomo."

Mmisiri anayang'ana chala chake.

"Siivuka."

"Ndikudziwa kuti siivuka. Funso langa ndi lakuti, mukufuna ivuke?"

Mawu analipo. Anali m'chifuwa, ambirimbiri, opanikizana ngati anthu pakhomo la basi, moti palibe ndi limodzi lomwe linatuluka. Namaginito anadikira mpaka munthu wokankha bedi la wodwala anadutsa n'kukhota. Kenako anatenga kapu yake n'kukwera masitepe.

*

Madzulo dzuwa lisanalowe foni inalira ali pa sinki ya kukhitchini, dzanja lili thovu lokhalokha.

"Pepani ndinalankhula mokalipa. Sindikukukakamizani. Mutu wakhumi ndipeza wina, nkhani si imeneyo. Ndimangofuna kudziwa ngati ndikudikira munthu kapena ndikudikira mphepo."

Anapukuta dzanja limodzi n'kuyamba kulemba. Analemba mizere inayi, anaiwerenga, inamuoneka ngati ya munthu wina. Anafufuta. Anatumiza: "Ndamva."

"Basi?"

"Ee."

Pa foni panaoneka kuti mayiyo akulemba. Analemba, anasiya, analembanso, anasiya. Palibe chinabwera.

"Ndimadabwa kuti sopo m'nyumba muno akutha bwanji chonchi."

Anali mlamu wake, mkulu wa malemu mkazi wake. Anabwera kudzadwazika mng'ono wake, maliro atatha n'kutsala m'chipinda cha kumbuyo kulera mwana wamasiye. Mwanayo tsopano anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wophunzira zauphunzitsi, ndipo nthawi imeneyo anali pa tebulo akusita malaya, makutu ali tcheru.

"Ndikusamba m'manja, alamu."

"Chala chimodzi? Mlungu wathunthu? Chatupa ngati soseji. Ndi wamaginito uja, eti? Wakuuzani kuti muvule."

"Sanandiuze."

"Ndiye mwadziuza nokha, zomwe zili zoipa koposa." Mlamuyo anakoka mpando koma sanakhale. "Ine sindikana kuti mwamuna akwatire. Akazi ali mbwee. Koma mwa akazi onse a pa dziko, mwasankha wa makina omwe anawotcha mng'ono wanga? Munalipo inu. Anatuluka m'menemo osadziwa dzina la mwana wake yemwe. Ankamufunsa uyu kuti, 'Ndiwe mwana wa yani?' Mwaiwala?"

Chitsulo chositira chinaima pa tebulo.

"Sindinaiwale," anatero mmisiri. "N'chifukwa chake."

"N'chifukwa chake chiyani?"

"Ndimapanga mitu ija. Kuti asamawotche pabwino."

"Pangani mitu, palibe wakuletsani. Koma tamverani, alamu. Mng'ono wanga anakana mphunzitsi, anakana kalaliki wa ku banki, n'kulola inu ndi nati yanuyo. Bambo athu anakhala chaka osamulankhula. Tsiku limene mpheteyo idzachoke pa chalapo, inenso ndidzachoka m'nyumba muno. Ndatha ine."

"Amayi aakulu," anayamba mtsikana uja.

"Iwe sita malaya. Akupsa."

Ankapsadi.

*

Lachitatu m'mawa m'shedi munalowa fungo la mafuta onunkhira, kenako dokotala mwini wake. Tayi wa tsiku limenelo anali wofiirira, wa timadontho toyera. Anayenda mosamala pakati pa utuchi ngati munthu wowoloka chithaphwi.

"Mkulu wanga! Ntchito zikuyenda? Ndabwera ndi pempho laling'ono. Ndikufuna bokosi labwino, la thabwa, la zipinda zitatu, lofewa m'kati. Lonyamulira mitu ya pulasitiki ija. Ulendo ndi wautali, isakasweke pa njira."

Mmisiri anazimitsa makina opalira.

"Asaina?"

"Asaina, asaina. Ndi nkhani ya masiku chabe. Munthu wa mutu ngati uja sangafere pano." Dokotala anatola kathabwa, anakayang'ana, anakabweza. "Ndikuuzeni mwachikondi, mkulu wanga, poti tonse ndife amuna. Ndimakuonani pa benchi paja. Palibe cholakwa. Koma mkazi si mutu wa pulasitiki woti mungauike pa shelefu n'kuupeza mawa uli pomwepo. Amafuna kumva mawu. Amafuna munthu woti akamufunsa funso, yankho libwere chaka chomwecho."

Chimene chinamupweteka mmisiri n'chakuti munthuyo sankanama.

Anatenga tepi ndi pensulo, anayeza mutu womwe unali pa shelefu, analemba manambala pa khoma.

"Lachisanu," anatero.

"Ndimadziwa kuti ndinu munthu womvetsa."

Dokotala atafika pakhomo, mmisiri anafunsa ali chozolika pa thabwa.

"Munakhalamo mphindi zingati?"

"M'chiyani?"

"M'mphangamo."

Dokotala anakonza tayi wake, amene sanapindike n'komwe, n'kutuluka osatseka chitseko.

Bokosilo analipanga tsiku lomwelo. Analipala, analipaka vanishi, m'kati anamatamo siponji. Ntchito ya mkwiyo sankaidziwa. Ankangodziwa ntchito yabwino.

*

Lachinayi masana mwana wake anamupeza atakhala pa mpando wa m'shedi, dzanja lamanzere lili pa tebulo, kasowo kodulira zitsulo kali pambali. Pansi pa mphete anali atalowetsa chogwirira cha supuni kuti sowo isadye mnofu.

"Ababa, mwaiwala chakudya chanu." Mtsikanayo anaika kontena pa tebulo, n'kuona sowo. "Mwayamba liti?"

"Sindinayambe."

"Mwakhala chonchi kuyambira liti?"

"Naini."

"Supuniyo ndi ya amayi aakulu. Akaidziwa, milandu ikhala iwiri."

Anakoka kabokosi n'kukhala moyang'anana naye. Kenako anapisa dzanja m'khosi mwa bulauzi n'kutulutsa kachingwe. Pa kachingwepo panali kakiyi ka makina osokera a mayi ake, ndi mphete yaing'ono ya chitsulo, yosalala m'mbali.

Mmisiri anaizindikira isanatuluke yonse. Mbali imodzi inali yopyapyala pang'ono, pomwe tupa inaterereka.

"Ndimayesa inatayika."

"Anavula tsiku lomwe ankakawajambula koyamba. Inu munali panja pa benchi. Namwino anati chitsulo sichilowa, amayi anangoti 'chabwino,' n'kuvula n'kundipatsa. Atatuluka zala zinali zitayamba kutupa ndi mankhwala, inakana kulowa. Mukudziwa chimene ananena? Anati, 'Usawauze bambo ako, angakasule ina usiku wonse, munthu wosamva uja.' Anaseka mpaka namwino anabwera kudzaona."

Mmisiri anagwira kamphetako ndi nsonga za zala.

"Ndinaona kuti palibe," anatero. "Sindinafunse."

"Inu mumafunsa chiyani?" Mtsikanayo anaseka, misozi ikutsika. "Anakhala zaka ziwiri opanda mphete, Ababa. Anasiya kukhala akazi anu?"

"Ayi."

"Dzina langa anaiwala. Lanu sanaiwale mpaka tsiku lomaliza. Si nati inawakumbutsa."

Kunja wina ankakankha ngolo ya mabotolo a mpweya, mawilo akulira. Mmisiri anadikira phokosolo lithe.

"Amayi ako aakulu achoka."

"Achoka, akafika kwa amalume, akakangana ndi akazi awo masiku atatu, abwerera. Ndimawakonda, anandilera. Koma iwo akulira mng'ono wawo, ndipo akufuna inu muzilira nawo mpaka kalekale kuti asalire okha." Anapukuta mphuno. "Aunt a maginito aja ndinawaona ku sitolo. Anali kusankha tiyi amene mumakonda inu, akuwerenga paketi ngati mayeso."

Mmisiri anakankhira sowo kwa iye.

"Ndi dzanja limodzi sindingathe."

"Ndikakudulani chala?"

"Zitsala zinayi."

Anamuonetsa kagwiridwe: osakanikiza, kukoka mofatsa, kusiya mano a sowo adye okha. Chitsulocho chinali cholimba kuposa momwe ankakumbukira. Chinatentha, anathirapo madzi, anapitiriza. Patatha theka la ola chinalira kamodzi, pang'ono chabe. Anakanula ndi pulayala.

Pa chalapo panatsala mkombero woyera, wofewa ngati khungu la khanda, ndi kabala kakang'ono. Dzanja linapepuka moti linamuchititsa mantha. Mtsikanayo anamasula kachingwe kake n'kulowetsa mphete yodukayo pambali pa inzake.

*

Lachisanu m'mawa mlamu wake anaona chalacho pa tebulo la tiyi. Analowa m'chipinda chake, ndipo posakhalitsa panamveka sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Mmisiri anaima pakhomo la chipindacho kanthawi.

"Alamu, nyumba ino ndi yanu."

"Pitani ku ntchito, muchedwa."

Masana anafika ku chipinda cha maginito atasenza bokosi. Onse analipo. Dokotala anali ndi envelopu ya kalata ija m'manja, cholembera chili chotsegula kale. Namaginito anali ataima pafupi ndi zenera la galasi, maso ali ofiira ngati munthu amene sanagone bwino.

"Bokosi lanu," anatero mmisiri, n'kulitsitsa pa mapazi a dokotala.

Namaginito anayang'ana bokosilo, anayang'ana iye, n'kutembenukira ku khoma.

"Mwalipaka ndi vanishi yemwe," anatero motsitsa. "Zikomo. Ndamva yankho lanu."

Mmisiri anavula wotchi, anavula lamba, anakhuthula makiyi ndi misomali ya m'thumba n'kuika m'mbale ya pa tebulo. Kenako anapita pa mzere wachikasu n'kutambasula dzanja lamanzere lili lopanda kanthu.

"Mutu wakhumi."

Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya chipatalacho namwino wamkulu anasowa chonena. Anangogwira pakamwa.

Namaginito anabwera pang'onopang'ono. Anatulutsa kamaginito kake ka m'thumba n'kukayendetsa pa chala chija, ngakhale aliyense ankaona kuti palibe choti kagwire.

"Munadula?"

"Mwana anadula."

"Inapweteka?"

"Ee."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, anatenga envelopu m'manja mwa dokotala, anaiwongola bwinobwino, n'kumubwezera.

"Pepani, adokotala. Munandilemekeza pondiganizira. Bokosilo tengani, n'lokongola, muikemo matayi. Mitu ikhala kuno."

"Mayi inu, ganizani bwino. Mapanga awiri avumbwitsa."

"N'chifukwa chake ndasankha limodzi."

Dokotala anatseka cholembera. Akanatha kutuluka, koma lamulo la kafukufuku linkati zithunzi za munthu aliyense azione dokotala asanapite kwawo, ndipo dokotala wake anali iyeyo. Anakhala pa mpando wa pakona, n'kupinda miyendo.

Namwino anabwerera mwakale. Anawerenga fomu mofuula ngati akulengeza ukwati. "Chitsulo m'thupi? M'maso? Mu mtima? Mu mtima musayankhe, tikudziwa." Anamuveka chovala cha odwala, anamuyendetsa kandodo kofufuzira chitsulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sikanalire.

"Dumphani, Apakhomo. Tikusakirani dzina lina."

Anadumpha.

*

M'mphangamo munali mothina ndi mowala. Anamuika zotsekera m'makutu, kampira ka belu m'dzanja, mutu m'kachitetezo konga dengu. Makina atayamba, phokoso lake silinamuopse. Linali ngati la m'shedi: kukhoma, kupala, kuboola.

Chimene sanachiyembekezere chinali kukumbukira. Mkazi wake anagona momwemu, moteremu, akuyang'ana denga lomwe lili pafupi ndi mphuno, iye ali panja pa benchi akutembenuza chipewa m'manja. Zaka zonsezi ankaganiza kuti munali mdima. Munalibe mdima. Misozi inatsikira m'makutu, ndipo sanagwedezeke, chifukwa anamuuza kuti asagwedezeke.

Phokoso litaima, mawu a Namaginito anamveka m'kachipangizo ka pafupi ndi mutu.

"Muli bwino?"

"Ee."

"Basi?"

Anaganiza kaye.

"Ndili bwino kwambiri."

"Mawu atatu! Sisitala, lembani tsiku." Anamva kuseka kwa anthu awiri, mwina atatu. "Kwatsala kamodzi. Mukatuluka mukandiuze za denga lija."

Makina anakhomanso. Ataima, panalibe amene analankhula. Anadikira. Anamva kampweya kozizira kakudutsa pa nkhope.

"Tibwereza pang'ono," anatero Namaginito. Mawuwo anali ake, koma anali ataima chilili ngati a pa wailesi.

Anabwereza kawiri.

Namwino ndiye anabwera kudzamutulutsa. Sanamuseke. Anamugwira pa chigongono potsika, ngati kuti ndi wodwala, n'kumusendezera nsapato pafupi. Mmisiri anadutsa mzere uja kubwerera, n'kusuzumira m'kachipinda ka makompyuta. Dokotala sanalinso pakona. Anali ataweramira pa kompyuta, magalasi ali pa mphuno, tayi ataponyera pa phewa.

Chithunzicho mmisiri ankachidziwa. Anachiona kambirimbiri pa mapepala amene Namaginito ankabwera nawo pa benchi: mkombero wotuwa, ndi kampira koyera kuseri kwa khutu.

"Mwasiya cha mutu wa pulasitiki," anatero. Anayandikira. "Koma ine kampira ndinaika kumanzere."

Anayang'ananso. Mutu wa pulasitiki ulibe maso. Uwu unali nawo.

"Bambo, khalani pansi," anatero dokotala. Mawu a "mkulu wanga" anali atatha. Uyu anali munthu wina, wofatsa, wodziwa ntchito yake. "Khutu lakumanjali linayamba liti kuvuta?"

"Zaka zitatu. Ndimati ndi makina."

"Mwina ndi makina, mwina ndi ichi. Lero sitikudziwa kanthu. Zambiri zomera pamalo amenewa si zolusa, zimakula pang'onopang'ono, ndipo njira zilipo. Sindikukunamizani, komanso sindikukulonjezani. Lolemba m'mawa mubwere kwa ine, tijambule bwino. Ndisanasamuke tikhala titadziwa."

Mmisiri anayang'ana Namaginito.

"Ine sindiloledwa kunena," anatero mayiyo. "Si ine dokotala."

Anavala lamba, anavala wotchi, anatola makiyi ndi misomali yake umodziumodzi. Ali m'khonde anamva mapazi akumutsatira. Anaima pafupi ndi benchi yawo, osakhala.

"Kalata ija," anatero. "Kaitengeni. Sainani."

"Ndinayankha ndisanaone chithunzi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Ndinadwazika munthu zaka ziwiri." Mawu aja a m'chifuwa anapeza khomo tsopano, pa tsiku lolakwika. "Ndinamusambitsa. Ndinamudyetsa ndi supuni. Ndinamuuza dzina la mwana wake m'mawa uliwonse. Sindidandaula, ndikanachitanso. Koma ndikudziwa kulemera kwake, inu simukudziwa. Munadikira miyezi isanu ndi itatu kuti mupeze mwamuna, osati wodwala. Pitani ku makina atsopano."

Namaginito anazungulira n'kuima kumanzere kwake, kuti amve bwino.

"Mawu onsewa munali nawo? Ndiye mwawasungira kundithamangitsa?"

"Ndikunena zoona."

"Inenso. Makina amene akuona kanthu kameneka lero ndi anga. Mutu umene ndinaphunzirira kukapeza munapanga ndinu. Mukadapanda kudula mphete, kakadakula mwakachetechete mpaka kukugwetsani pa makwerero a denga langa. Ndiye mukuti ndipite?" Anamugwira dzanja lamanzere, zala zake n'kuzinga pa mkombero woyera uja. "Lolemba tibwera awiri."

"Sindilola."

"Sindinapemphe."

Kunyumba kunali sutikesi yolongedza ndi mwana amene anadula mphete akuseka, ndipo onse awiri ankafunika kuuzidwa dzuwa lisanalowe. Mmisiri anayang'ana kumapeto kwa khonde, komwe dokotala anali ataima ndi envelopu ija, sanaitaye. Anatsimikiza mumtima kuti tsikulo lisanathe kalatayo ikhala itasainidwa, kaya mayiyu afune kaya asafune.

Anayesa kusolola chala chake. Anakoka mofatsa, kenako mwamphamvu.

Dzanja la mayiyo silinavuke.